Voti ya owonera imakondera, komabe ndasiya kuinyoza

Mmawa wa pa 11 September 2025 ndinadzuka n'kupeza gulu lathu la pa WhatsApp, lija tinatsegula tili ku koleji, litatentha ndi kakanema kamodzi. Bambo wina wa imvi, atatchena suti, akukwera pa nsanja mu holo yodzaza anthu ku London, anthuwo akumuombera m'manja ngati wagoletsa chigoli cha mu fainolo. Mnzathu wina analemba kuti: "Aise, ameneyu si Lineker wa mpira uja? Ntchito inatha kale, ndiye mphoto akumupatsa ya chiyani?" Wina anamuyankha: "Iwe, nkhani si Lineker. Nkhani ndi yoti Ant ndi Dec aluza."

Theka la gululo silinkadziwa kuti Ant ndi Dec ndi ndani. Theka linalo linkadziwa nkhope zokha. Ndi abambo awiri aja amaima m'mbali mwa nsanja pa Britain's Got Talent, omwe analinso pomwepo mu 2017 pamene Daliso Chaponda, mwana wakwathu, anaseketsa Angerezi mpaka kuthera pa nambala 3. Tsiku limenelo bandulo yanga yonse inathera kuonera tizidutswa ta mwambowo, ndipo kuyambira pamenepo ndakhala ndikulimbana ndi funso lomwe ndinkayesa kuti ndinathana nalo kale m'kalasi: kodi mphoto yosankhidwa ndi anthu wamba, povota pa foni, ili ndi phindu lanji?

Mwambo ndikunenawu umatchedwa National Television Awards. Unayamba mu 1995, umaulutsidwa pa kanema wa ITV, ndipo wa 2025 unali wa nambala 30. Kwa zaka zambiri unkachitikira ku Royal Albert Hall, wotsogolera ali Trevor McDonald, mkulu wowerenga nkhani wobadwira ku Trinidad. Kuyambira 2010 nthawi zambiri umachitikira ku O2 Arena, ndipo masiku ano amautsogolera ndi wanthabwala Joel Dommett. Kusiyana kwake ndi mphoto za BAFTA n'kwakuti ku BAFTA amasankha ndi anthu a ntchito yomweyo, olemba, ojambula ndi azisudzo, pomwe kuno osankha ndi owonera. Okonza mwambo amatulutsa mndandanda wautali, anthu amavota pa intaneti kuti mndandandawo ufupike, kenako amavotanso kuti apeze opambana. Kupatula mphoto zapadera zochepa zomwe okonza amapereka okha, zina zonse mwini wake ndi munthu wokhala pa sofa ndi foni m'manja.

Ndivomere pano kuti ndinachoka ku koleji ndili ndi kamwano pa mphoto zoterezi. Aphunzitsi ankatiuza kuti kutchuka ndi luso ndi zinthu ziwiri, ndipo ife, poti tinali titangophunzira mawu akuluakulu, tinazitengera patali. Tinkati voti ya anthu ndi ya amene ali ndi masapota ambiri basi, ngati chisankho cha bungwe la ophunzira, ukafuna kudziwa sewero labwino kafunse akadaulo. Mwina nanunso mumaganiza chonchi. Sindikuuzani kuti mukulakwitsa kotheratu, chifukwa umboni wa mbali yanu ulipo, wambirinso.

Zaka 23 chikho chili nyumba imodzi

Umboni woyamba ndi Ant ndi Dec omwewo. Ant McPartlin ndi Declan Donnelly ndi a ku Newcastle. Anakumana ali ana mu sewero la pa kanema lotchedwa Byker Grove, ndipo kuyambira pamenepo sasiyana. Amatsogolera Britain's Got Talent ndi I'm a Celebrity... Get Me Out of Here!, ndipo kwa zaka zambiri Loweruka madzulo linali lawo ndi Saturday Night Takeaway. Mphoto ya wotsogolera mapologalamu anaitenga koyamba mu 2001, n'kupitiriza kuitenga ka 23 motsatizana mpaka 2024. Taganizani, mwana wobadwa chaka chimene anayamba kupambanacho wamaliza sekondale, wamaliza koleji, mwina ali ndi wake mwana, asanaonepo munthu wina akunyamula chikho chimenecho.

Kodi m'dziko lonse la Britain, zaka zonsezo, panalibe chaka ngakhale chimodzi chomwe wina anagwira ntchito yoposa ya awiriwa? Claudia Winkleman wa The Traitors anayesa. Bradley Walsh wa The Chase anayesa. Alison Hammond anayesa. Onse ankabwerera chimanjamanja, akumwetulira pa kamera.

Chaka chomwe chimandivuta kwambiri ndi 2019. Mu March 2018 Ant anachita ngozi ya galimoto ku London ataledzera. Anavomera mlandu kukhoti, anamulipiritsa mapaundi 86,000 ndi kumuletsa kuyendetsa galimoto kwa miyezi 20. Anapuma ntchito pafupifupi chaka chonsecho kuti akalandire thandizo. Dec ankagwira yekha, ndipo ku I'm a Celebrity malo a Ant anagwirizira ndi Holly Willoughby. January 2019 atakwana, mavoti atawerengedwa, opambana anali Ant ndi Dec. Munthu amene miyezi yambirimbiri sanaoneke pa kanema analandira mphoto ya ntchito ya chaka chomwecho. Apa palibe angandiuze kuti anthu ankayeza ntchito. Ankavotera munthu amene anakula naye, ngati mmene banja limalandirira mwana wake akabwerako kolowerera. Chifundo chotere n'chabwino pakhomo, koma amene anagwira ntchito chaka chonse osajomba anali ndi chifukwa chodandaulira.

Palinso nkhani yosewerera pakhomo. Mwambowu umaoneka pa ITV, ndipo mapologalamu akuluakulu a Ant ndi Dec ndi a pa ITV pomwepo. Sipafunika kubera kuti zinthu zikomere mbali imodzi. Pologalamu yooneka pafupifupi tsiku lililonse, monga This Morning, kapena masewero osatha aja, Coronation Street yomwe inayamba mu 1960 ndi EastEnders ya BBC yomwe inayamba mu 1985, ili ndi mpata wokumbutsa owonera ake mmawa ndi madzulo kuti musaiwale kuvota. Sewero la magawo anayi lomwe linaoneka kamodzi mu January, pofika September lilibenso pakamwa podzinenerera.

Ndi mmene ndinkaganizira. Koma sewero la magawo anayi lomwe linaoneka mu January ndi lomwe linanditseka pakamwa.

Makina akanama, wolipira ndi iwe

Kuti mumvetse nkhaniyi, ganizirani maejenti a ndalama za pa foni omwe timawapeza pa msika uliwonse. Munthu ali ndi kashopu kake, akugwira ntchito m'dzina la kampani yaikulu, ndipo madzulo ndalama za m'kabati zikuyenera kufanana ndi zomwe makina akuonetsa. Ku Britain mapositi ofesi ang'onoang'ono ambiri amayenda chonchi. Amawayendetsa ndi anthu wamba omwe anasainirana mgwirizano ndi Post Office, ndipo ndalama zikaperewera, wobweza anali iwowo. Mu 1999 Post Office inayamba kugwiritsa ntchito pologalamu ya kompyuta yotchedwa Horizon, ya kampani ya Fujitsu. Horizon inali ndi zolakwika. Inkatha kuonetsa kuti ndalama zasowa pomwe palibe watengapo ngakhale khobidi.

Ambiri akaimba foni kudandaula ankauzidwa kuti vutoli lili ndi inu nokha. Pakati pa 1999 ndi 2015 anthu oposa 900 anaimbidwa milandu ya kuba ndi chinyengo chifukwa cha ziwerengero za makina amenewa. Ena anagulitsa nyumba kuti abweze ndalama zomwe sanabe. Ena analowa m'ndende. Seema Misra anamutsekera mu 2010 ali woyembekezera. Mabanja anatha, ena anadzipha, ena anamwalira mayina awo asanayeretsedwe, anthu a m'mudzi mwawo akuwatchabe mbava.

Alan Bates, yemwe ankayendetsa positi ofesi ku Llandudno m'dziko la Wales, anakana kuvomereza ziwerengero zomwe sankazikhulupirira, ndipo mu 2003 anamulanda ntchito. Mu 2009 magazini ya Computer Weekly inalemba za vutoli, ndipo chaka chomwecho Bates anasonkhanitsa anzake mu holo ya mudzi wa Fenny Compton, komwe ambiri anazindikira koyamba kuti sanali okha. Mu 2019 anthu 555 anapambana ku High Court, Post Office n'kuvomera kulipira mapaundi pafupifupi 58 miliyoni, koma gawo lalikulu linathera ku zolipira za mlandu womwewo. Mu April 2021 khoti la apilo linafafaniza milandu ya anthu 39. Atolankhani analemba, a wailesi anaulutsa, boma linakhazikitsa kafukufuku. Zinthu zinkayenda ndithu, koma liwiro lake linali la kamba. Monga mtolankhani zimandiwawa kunena izi: pafupifupi zaka 15 za nkhani zofufuzidwa bwino sizinagwedeze dziko.

Kenako pa 1 January 2024 ITV inayamba kuonetsa Mr Bates vs The Post Office, magawo anayi masiku anayi otsatizana, Toby Jones akusewera ngati Bates. Pasanathe sabata ziwiri anthu oposa 1 miliyoni anali atasainira kalata yofuna kuti Paula Vennells, yemwe kale anali mkulu wa Post Office, alandidwe ulemu wa CBE, ndipo iye analengeza kuti aubweza. Pa 10 January nduna yaikulu Rishi Sunak anauza nyumba ya malamulo kuti kubwera lamulo lofafaniza milanduyo. Lamulolo linadutsa mu May 2024. Mu June, Bates anapatsidwa ulemu wotchedwa Sir. Akuluakulu amati mlandu suola, koma uwu unafunika azisudzo kuti aufukule.

Tsono pa 11 September 2024, ku National Television Awards, owonera anavotera Mr Bates vs The Post Office kukhala sewero latsopano lopambana, anavoteranso Toby Jones, ndipo okonza mwambo anawonjezerapo mphoto yapadera ya Impact. Pa nsanja panakwera ena mwa anthu enieni omwe anazunzika aja. Mmodzi wa iwo, Jo Hamilton, sanataye mphindi zake ndi kuthokoza kokha. Anauza dziko lonse, pa kanema, kuti ambiri mwa anzake anali asanalandirebe chipukutamisozi chawo. Boma linali litasintha mu July, nduna zatsopano zinali zitakhala pa mipando, ndipo uthengawo unali wawo.

Nditaonera kachidutswa kameneka ndinamvetsa chomwe sindinachimvetse m'kalasi. Majaji angapo m'chipinda atha kunena kuti sewero linalembedwa bwino, linajambulidwa bwino. Zimenezo amazidziwa kuposa ine ndi inu. Chomwe sangathe ndi kuuza nduna kuti patha miyezi isanu ndi itatu koma anthu sanaiwale. Uthenga woterowo umatuluka mu voti ya anthu basi. Wandale saopa jaji wa zisudzo, amaopa gulu, chifukwa gulu lomwe lavota pa kanema lero ndi lomwelo lidzaime pa mzere tsiku la chisankho.

Ndisakometsere mopitirira. Chikho sichilipira ngongole ya munthu, ndipo madandaulo a kuchedwa kwa chipukutamisozi anapitirira ngakhale mwambowo utatha. Komanso mkulu wina wa ITV, Kevin Lygo, ananena kuti sewerolo linawaluzitsa mapaundi pafupifupi 1 miliyoni, chifukwa nkhani ya mapositi ofesi a ku Britain sigulika kwenikweni kunja. Apa pali ngozi. Ngati masewero onena za mavuto a anthu enieni akuluzitsa ndalama, mawa akuluakulu a kanema adzasankha za apolisi ndi zigawenga zomwe zimagulika paliponse. Wolemba amene akufuna kupanga sewero lina lotere alibe zida zambiri pokambirana ndi mabwana ake. Chimodzi mwa zida zochepazo ndi kunena kuti taonani, anthu anaonera ndipo anavota.

Nanga Lineker uja?

Ambiri timamudziwa kudzera mu mpira. Anasewera ku Leicester, Everton, Barcelona ndi Tottenham, anagoletsa zigoli 48 mu timu ya England, anatenga nsapato ya golide ku World Cup ya 1986, ndipo moyo wake wonse wa mpira sanaonetsedwepo khadi, yachikasu kaya yofiira. Kuyambira 1999 anatsogolera Match of the Day pa BBC kwa zaka 26. Makhadi anayamba kuwalandira atakula, chifukwa cha foni.

Mu March 2023 analemba pa Twitter kudzudzula ndondomeko ya boma yokhudza othawa kwawo obwera pa maboti ang'onoang'ono, n'kufanizira mawu omwe boma linkagwiritsa ntchito ndi a ku Germany wa m'zaka za m'ma 1930. BBC inamuimitsa. Ian Wright ndi Alan Shearer anakana kulowa mu situdiyo popanda iye, ena anatsatira, ndipo Loweruka limenelo Match of the Day inaoneka kwa mphindi 20 zokha, yopanda wotsogolera, yopanda wofotokoza mpira. Patangopita masiku ochepa anamubwezera. Koma mu May 2025 anagawa pa Instagram uthenga wodzudzula Zionism womwe unali ndi chithunzi cha khoswe, chizindikiro chomwe a Nazi ankanyozera nacho Ayuda. Anapepesa, nati chithunzicho sanachione, ndipo pa 25 May anatsogolera pologalamu yake yomaliza. Mutu ukakula sulewa nkhonya, ndipo iyi inali nkhonya yodziputira yekha.

Pasanathe miyezi inayi, owonera anamupatsa chikho chomwe Ant ndi Dec anakhala nacho zaka 23. Polandira, Lineker anati mwina izi zikuonetsa kuti si kulakwa nthawi zina kugwiritsa ntchito nsanja yako kulankhulira anthu opanda mawu. Pa gulu lathu lija ena anati ndi umboni woti anthu ali mbali yake pa nkhani ya Gaza. Ena anati ndi chibakera kwa BBC. Ine ndikuti tisathamange. Mwa ovotawo munali okonda mpira omwe amangotsanzikana ndi munthu wawo wa Loweruka usiku, munali ogwirizana ndi maganizo ake, munalinso otopa ndi kuona nkhope ziwiri zomwezomwezo. Voti imawerenga manja okwezedwa, siifunsa chifukwa chomwe dzanja lakwerera. Ndipo mavoti, kaya achuluke bwanji, safufuta khoswe uja. Amene anapwetekedwa ndi chithunzicho ali ndi ufulu wokhalabe okhumudwa.

Komabe pali chimodzi chomwe usiku umenewo unatsimikiza. Gulu lomwe ndinkaliyesa nkhosa, loti limangovota mwachizolowezi, limatha kutembenuka. Linatembenuka pa mwambo wa pa ITV, kusiya ana okondedwa a ITV, n'kusankha munthu yemwe panthawiyo anali atachoka kale pa pologalamu yomwe ankamuvoterayo.

Usiku womwewo panalinso china chomwe chikutikhudza ife a mafoni m'manja. Sewero latsopano lopambana linali Adolescence la pa Netflix, ndipo mphoto ya wosewera bwino inapita kwa Owen Cooper, mnyamata wa zaka 15 yemwe aka kanali koyamba kusewera pa kanema. Ndi magawo anayi, gawo lililonse lojambulidwa kamodzi n'kamodzi osadula kamera. Nkhani yake ndi ya Jamie, mwana wa zaka 13 yemwe wamangidwa pomuganizira kuti wapha mtsikana wa pasukulu pake. Makolo ake ankaona ngati ali pabwino poti ali kuchipinda kwake, osadziwa zomwe ankamwa pa intaneti: kunyozedwa pa Instagram, ndi ziphunzitso za amuna ena zodana ndi akazi. Nduna yaikulu Keir Starmer anati anaonera ndi ana ake, ndipo Netflix inalola kuti sewerolo lionetsedwe mwaulere m'sukulu za sekondale ku Britain. Si sewero losangalatsa. Ukamaliza kuonera umakhala kaye chete. Anthu omwe timati amangofuna zoseketsa ndi omwe analivotera, zaka ziwiri zotsatizana akusankha sewero lowawa.

Akadaulo ali ndi malo awo

Wina anena kuti ndasankha zitsanzo zondikomera, ndipo akunena zoona pang'ono. Pa Mr Bates mmodzi pali zaka zambiri zomwe chikho chinapita kwa wozolowereka. Sewero laling'ono, la wolemba watsopano, looneka usiku kwambiri pa kanema wosatchuka, silingapambane voti ya anthu chifukwa anthuwo sanalione n'komwe. Wojambula, wokonza mawu ndi wosoka zovala sadzavoteredwa ndi gulu lomwe silidziwa mayina awo. Pa zimenezi BAFTA ndi yofunika, ndipo dziko lokhala ndi voti ya anthu yokha lingamaphe luso mwakachetechete.

Koma akadaulo nawonso ndi anthu. Amadziwana, anaphunzira limodzi, mawa adzafunana pa ntchito. Kukondera kwa gulu kumaonekera poyera, kwa akadaulo kumachitikira m'chipinda chotseka. N'chifukwa chake ndimaona kuti Britain inachita mwayi kukhala ndi miyambo yonse iwiri. Wina umayankha funso loti chapangidwa bwino n'chiti, winawo umayankha loti chakhudza anthu n'chiti. Nthawi zina mayankho amakumana: mu May 2025 BAFTA nayonso inapereka mphoto kwa Mr Bates vs The Post Office. Akasiyana, kusiyanako nakonso ndi nkhani yofunika kuimva. Cholakwa changa chinali kufunsa voti ya anthu funso la akadaulo, kenako n'kumainyoza kuti yalephera mayeso.

Tisanaseke Angerezi

Ndisanamalize ndiulule tchimo langa. Ndili chaka chachitatu ku koleji, mnzanga woimba analowa mu mpikisano wina wa mphoto kwathu konkuno, wovota potumiza uthenga wolipira. Ndinavota kambirimbiri mpaka ndalama ya minibasi inathera pomwepo, ndinayenda wapansi masiku awiri. Nyimbo za omwe ankapikisana nayewo sindinamvere ngakhale imodzi. Ataluza ndinali woyamba kulemba pa Facebook kuti mphoto zimenezi n'zachinyengo. Lero ndikaganiza ndimaseka ndekha. Ndinkanyoza ovotera Ant ndi Dec pomwe ine ndinachita zoposa pamenepo, n'kulipiranso.

Koma pali kusiyana kumodzi komwe sindikufuna kuti kutipite. Voti ya pa intaneti ya National Television Awards ndi yaulere. Ikamakondera, imakondera amene anthu amamukonda. Voti yolipira, yoti ukhoza kuponya kangapo malinga ndi thumba lako, imakondera amene ali ndi malume a ndalama. Yoyambayo ikhoza kukuuza zomwe zili mumtima mwa gulu, ngakhale mtimawo utakhala wokondera. Yachiwiriyi imangokuuza amene anagula mayunitsi ambiri. Ngati okonza mphoto kwathu kuno akufuna kutengerapo kanthu pa mwambo wa ku London, asatengere kapeti yofiira ndi magetsi okha, chikomekome cha mkuyu. Atengere voti yoti wophunzira wopanda ndalama ndi bwana wa kampani akhale ndi mawu ofanana. Atiuzenso poyera kuti mphoto iyi asankha ndi anthu, iyi asankha ndi akadaulo, tisamangoganizira.

Kwa ife ovota, sindikupemphani kuti musiye kukondera. Sizingatheke, ndipo nanenso sindingathe. Linki ija ikadzafika pa gulu, yoti voterani msuweni wanga, mudzavota ndithu. Pempho langa ndi laling'ono: musanadine, tsegulani ntchito ya mmodzi kapena awiri mwa opikisana nayewo. Zidzakudyerani bandulo pang'ono. Mwina mudzavoterabe msuweni, palibe mlandu, koma mudzakhala mutadziwa chomwe mwakana. Anthu omwe anavotera nkhani ya mapositi ofesi anayamba aionera kaye, magawo onse anayi, n'kukwiya, n'kusunga mkwiyowo mpaka September.

Mnzanga uja anafunsa za Lineker sanakhutire ndi zonsezi. Nditamutumizira maganizo angawa anayankha ndi mawu ochepa: "Man, zonsezi chifukwa cha TV ya eni ake?" Ndinamutumizira kachidutswa ka Jo Hamilton ali pa nsanja. Panapita mphindi khumi asanayankhe. Kenako analemba kufunsa komwe angapeze sewerolo, nati mayi ake ndi ejenti wa ndalama za pa foni, ndipo mwezi wathawu zinaperewera.